Kodi njere za chammwamba zingaphe udzudzu wa m'zitsime za kudimba?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala mbali ya ku Golomoti ndipo ndili ndi dimba la tomato ndi mpiru. Chaka chino mwana wanga womaliza wadwala malungo katatu. Pa gulupu yathu ya WhatsApp ya banki mkhonde wina anatumiza uthenga woti njere za chammwamba zili ndi mapuloteni opha udzudzu, ungosinja nkuthira m'madzi basi, wina nkuti nsatsi ndiye zamphamvu kuposa. Ine zitsime kudimba ndili nazo zitatu ndipo timphutsi ndimationa. Kodi nzoona? Nanga ndithire zochuluka bwanji?

Yankho: Mayi, choyamba pepani kwambiri ndi za mwanayo, katatu chaka chimodzi sizocheza, ndipo ndikudziwa mmene mtima umakhalira usiku mwana thupi lili moto inu mukungodikira kuti kuche muthamangire kuchipatala. Ine ntchito yanga ndi udzudzu womwewu, kutunga mphutsi zake m'madambo, kuziweta mu labu ndi kuyesa mankhwala, ndipo kwathu ndi ku Ntcheu ndiye Golomoti, Kasinje, Sharpevale ndi chigwa chonse cha Bwanje ndinayendamo ndi mapazi angawa. Ndiyankha motalikitsa ndithu chifukwa uthenga mwalandirawo si wabodza wonse ayi, muli zoona mkatimo, ndipo mauthenga otere ndi amene amasokoneza anthu kwambiri.

Koma ndisanapite patali, za nsatsi zokhazo chonde musayerekeze. Inde mu njere ya nsatsi muli puloteni, dzina lake ricin, koma imeneyo siisankha kuti uyu ndi udzudzu uyu ndi munthu, ikalowa m'thupi imaimitsa ntchito ya maselo ndipo njere zochepa chabe mwana atatafuna akhoza kutisiya, mankhwala ochotsa poizoni ameneyu kulibe olo ku chipatala chachikulu. Agogo athu ankayenga mafuta a nsatsi odzola koma zotsalira zija sankazisiya poti ana kaya mbuzi zifikepo, ankadziwa. Ndiye taganizani chitsime cha kudimba chomwe mumatsukira tomato, ana amasambamo m'manja, mbuzi zimamwamo, nkukathiramo nsatsi zosinja. Ayi mayi. Chimodzimodzinso njere za jatrofa zija anthu anadzala m'mipanda. Amene anatumiza za nsatsi pa gulupu panupo muwauze mwaulemu afufute uthengawo asanauone ena.

Tsopano za mapuloteni. Mbewu siingathawe ikabwera mbozi, ilibe miyendo, ndiye chitetezo chake imasunga mkati momwemo makamaka mu njere poti ndi momwe muli mwana wake. China mwa zida zimenezi ndi mapuloteni. Inu nomwe mukudziwa kuti nyemba zosapsa bwino zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, chimachititsa ndi puloteni ya mtundu wotchedwa lectin yomwe imafa nyemba zikawira mokwanira, nchifukwa chake timaziphika nthawi yaitali chonchija. Mu nyemba, soya ndi khobwe mulinso mapuloteni ena amene amatsekereza timadzi togaya chakudya m'mimba mwa kachirombo, kamadya koma osapindula, kamangofooka mpaka kufa kapena kukula mopinimbira. Nankafumbwe uja amaboola khobwe zimamukanika kukulira mu nyemba zathuzi pa chifukwa chomwechi, ngakhale nyembazo zili ndi anankafumbwe akeake amene anazolowera kale poizoniyo, ndipo apa pakutiuza kuti tizirombo timapezanso njira yozembera. Asayansi nkhani imeneyi anaitola kalekale, mu 1987 ku England anatenga jini, kachidutswa ka chibadwa cha mbewu kamene kamapangitsa puloteni ya mu khobwe, nkuiika mu fodya ndipo mbozi zodya masamba a fodyayo zinkavutika.

Nanga kwa udzudzu zimayenda bwanji? Timphutsi mukutionato timadya posefa madzi, kukamwa kwake kuli tiubweya tokupiza tomwe timakokera chilichonse chaching'ono, mabakiteriya, ndere, fumbi. M'matumbo mwake muli kansalu kopyapyala kokutira chakudya, kamagwira ntchito ngati sefa komanso kuteteza khoma la matumbo kuti lisakandike. Ma lectin ena amakakamira pa kansalu kameneka ndi pa khoma la matumbo, kansaluko kamaonongeka, kugaya chakudya kumasokonekera, mphutsi imaleka kukula kenako nkufa. Onani bwino apa, puloteni imapha ikadyedwa, siili ngati mankhwala opopera aja oti udzudzu ukangotera pakhoma walowa kale m'thupi kudzera m'miyendo. Ndiye udzudzu waukulu wouluka uja umakulumani usiku, madzi a chammwamba olo mutawaza nyumba yonse palibe chimene chingauchitikire. Ngakhalenso mphutsi ikafika gawo lomaliza, pamene imapindika nkumangodumphadumpha m'madzi, siidyanso kanthu ndiye puloteni iliyonse imangoidutsa.

Za chammwamba zinachokera makamaka ku Brazil, ku yunivesite ya Pernambuco mu mzinda wa Recife. Kumeneko anapatula lectin ya mu njere za chammwamba yosungunuka m'madzi, anaitcha WSMoL, ndipo mu 2009 anasindikiza zoti imapha mphutsi za udzudzu wa Aedes aegypti. Zimenezi nzoona ndipo ine ndimazilemekeza, ndi ntchito yabwino. Koma pali zinthu zimene uthenga wa pa foni unasiya. Udzudzu wa Aedes ndi wofalitsa matenda ena otchedwa dengue, womwe umaswana m'matayala ndi m'zitini, osati Anopheles wa malungo amene wakudwalitsirani mwana. Ndipo chimene chinapha mphutsicho sunali ufa wosinja mumtondo ayi, inali puloteni yoyeretsedwa ndi makina, m'timakapu ta madzi oyera mu labu mopanda dzuwa, mopanda matope, mopanda mvula yodzasukulutsa. Ngakhale choncho panafunika pafupifupi magalamu 0.2 pa lita imodzi kuti mphutsi zife theka. Tiyeni tiwerengere limodzi, chitsime cha mita imodzi mlitali, mita imodzi mlifupi, madzi akuya mita imodzi chimasunga malita 1,000, ndiye kuti pakufunika magalamu 200 a puloteni yeniyeni yokhayokha, pomwe mu njere lectin imeneyi ndi kagawo kakang'ono chabe, zambiri ndi mafuta ndi zina. Mungasinje njere zochuluka zedi pa chitsime chimodzi, ndipo mawa lake mwatunga madziwo kuthirira tomato, alowa atsopano, muyambirenso.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa, ofufuza omwewo mu 2012 anapeza kuti madzi okhala ndi lectin imeneyi amakopa udzudzu waukazi kudzaikira mazira. Kwa iwo inali nkhani yabwino chifukwa ankaganiza zopanga misampha, udzudzu uikire mazira m'kachitini momwe mazirawo akafere momwemo. Koma kwa inu amene mungathire mulingo wongoganizira, mwina wochepa woti sungaphe, mukhoza kukhala mukuitanira udzudzu ku chitsime chanu. Komanso ufa wa njere ukakhala m'madzi tsiku limodzi kaya awiri umayamba kuola, mabakiteriya amachulukana, ndipo mabakiteriyawo ndiye nsima ya mphutsi. Ndinazionapo ndi maso mu labu, beseni lomwe munagwera zinyenyeswa zambiri mphutsi zake zimanenepa bwino kuposa za m'madzi oyera.

Ntchito imene chammwamba chimaidziwa bwino m'madzi ndi kuwayeretsa, ndipo izi zinayesedwa konkuno ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990 pa malo oyeretsera madzi a m'mipopi. Mapuloteni a mu njere amagwira tinthu ta matope nkutiunjika pamodzi kenako zonse zimamira pansi. Ndiye apa pali vuto lina, mphutsi ya Anopheles imadyera pamwamba penipeni pa madzi, itagona chopingasa ngati kachitsotso koyandama, pomwe puloteni yanu yagwirana ndi matope yapita pansi. Madzi aoneka oyera bwino, dzuwa lilowa, mphutsi ili phee pamwamba. Chammwamba dyani masamba ake, ndi ndiwo yabwino kwa mwana amene wafooka ndi malungo, kwanuko poti nkotentha chimakula bwino kusiyana ndi kumtunda ku Bembeke kaya ku Tsangano, koma za kuthira m'chitsime ine sindingakulimbikitseni.

Musamve ngati ndikunyoza nkhani ya mapuloteni, ine ndi mmodzi mwa amene akuifunira zabwino chifukwa tikufunikadi zida zatsopano. Udzudzu wathu, makamaka Anopheles funestus, unapima ku mankhwala a pyrethroid omwe akhala ali m'maneti kwa zaka zambiri, izi zinaoneka ku Likoma ndi ku Chikwawa zaka zoposa khumi zapitazo, nchifukwa chake maneti a masiku ano amawaonjezera mankhwala ena monga PBO. Puloteni imapha mwa njira ina kotheratu, kudzera m'mimba, ndiye udzudzu wopima ku pyrethroid ulibe pothawira msanga, komanso puloteni imaola siikhalitsa m'nthaka ngati DDT. Ku France anapeza kapuloteni kakang'ono mu nsawawa (zobiriwira zija, osati mtedza) kotchedwa PA1b komwe kamapha anankafumbwe a m'chimanga ndipo mu labu kanaphanso udzudzu. Ku Australia kuli mankhwala ogulitsidwa m'masitolo otchedwa Sero-X ochokera ku chomera cha maluwa a buluu cha mtundu wa nyemba, ali ndi timapuloteni tolimba tozungulira ngati mphete, alimi a thonje amapopera. Ndiye njira ilipo, kungoti pa udzudzu wa malungo sitinafike poti munthu angagule paketi nkukathira kudimba, ndipo kuolako komwe ndikukuyamikira ndi komwenso kumapangitsa kuti puloteni isachedwe kutha mphamvu padzuwa la ku Golomoti.

Pa udzudzu, puloteni imene inafika kale m'manja mwa anthu siichokera ku chomera koma ku bakiteriya wa m'nthaka, timangoti Bti. Anamupeza mu 1976 m'chithaphwi china m'chipululu cha Negev ku Israel ataona mphutsi za udzudzu zitafa zambirimbiri. Bakiteriya ameneyu amapanga timibulu ta mapuloteni tomwe timasungunuka m'mimba mwa mphutsi ya udzudzu nkuboola matumbo, tsiku limodzi mphutsi zonse zili gada, koma nsomba, achule, mbuzi ndi anthu sawapweteka. Pa hekitala yathunthu ya madzi safika ndi hafu ya kilo yomwe, yerekezani ndi magalamu 200 aja a chitsime chimodzi. Ku West Africa anamugwiritsa ntchito zaka zambiri m'mitsinje polimbana ndi tintchentche toyambitsa khungu. Kuno kwathu anamuyesa m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa kuyambira 2016 mpaka 2018, anthu a m'midzi momwemo ndi amene ankapopera ndi kukwirira zithaphwi. Ndipo ndikuuzeni zoona zake ngakhale zimandiwawa, mphutsi zinkafa ndithu pomwe apopera, koma atawerengera kumapeto sanaone kuti malungo atsika kuposa m'midzi yomwe inkangodalira maneti ndi chipatala. Malo oswanirana anali ambiri zedi, ena obisika, ena obwera lero mawa auma. A WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, amanena kuti kupha mphutsi kumathandiza pomwe malo oswanirana ali ochepa, osasunthasuntha komanso opezeka mosavuta. Chigwa chanucho nthawi ya dzinja, ndi minda ya mpunga ya ku sikimu ya Bwanje, ndi madzi otsika m'mapiri a Dedza, inu nomwe mukudziwa kuti si choncho. Nthawi ya chilimwe, Ogasiti mpaka Okutobala pomwe madzi atsala m'zitsime za kudimba ndi m'makhwawa mokha, pamenepo ndiye nkhani imasintha ndipo mudzi utagwirizana ukhoza kuchita kanthu kooneka.

Pa gulupu panupo mwina wina atchulanso nimu, ombwe ndi mpungabwi. Zimenezi mphamvu yake siichokera ku mapuloteni, ndi mankhwala ena a m'zomera. Nimu amasokoneza kufundula kwa mphutsi ndipo amagwirako ndithu. Ombwe ndi uja ena amaphera nsomba mumtsinje, ndiye m'madzi amapha nsomba ndi tina tonse tomwe timakuthandizani, m'chitsime asalowe, asiyeni ku mbozi za m'munda. Mpungabwi kufukiza madzulo pakhonde kumathamangitsako udzudzu kwa kanthawi, ine kwathu timachita, koma utsi ukatha pakati pa usiku mpamene Anopheles amafika.

Ndiye mawa mmawa mukapita kudimba tengani kapu yoyera mkati, ya pulasitiki yomwera tiyi ija, mufike pachitsime mwakachetechete chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi poti mphutsi zikaona mdima zimamira. Tungani pamwamba m'mbali momwe muli udzu. Mukaona zolendewera mutu pansi, kamchira kali pamwamba ngati kapaipi kopumira, amenewo ndi a Culex, osokosa m'khutu aja, amasowetsa tulo koma malungo safalitsa. Mukaona zogona chopingasa pamwamba, zoyenda chobwerera m'mbuyo mukazigwedeza, ameneyo ndiye mdani wathu. Ndipo musathere pa zitsime pokha. Ine tsiku lina mbali ya ku Kasinje ndinatunga chitsime cha dimba kakhumi konse osapeza kanthu, munali ana a tombolombo ndi tizikumbu ta m'madzi tomwe timadya mphutsi, koma nditayenda mapazi asanu okha pomwe ng'ombe zinaponda popita kukamwa, phazi limodzi la ng'ombe, madzi osadzaza ndi kapu yomwe, munali mphutsi za Anopheles zoti sindinathe kuziwerenga. Timadzi tating'ono tofunda ndi dzuwa, topanda adani, ndi tomwe Anopheles gambiae ndi arabiensis amakonda, ndipo kotentha ngati kwanuko dzira limasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Nchifukwa chake ndimaopa zothira poizoni m'zitsime, mumapha alonda anu nkusiya mbava zili pa phazi la ng'ombe.

Mankhwala a malo otere ndi khasu. Kwirirani mapazi a ng'ombe ndi timaenje ta m'mbali mwa ngalande, pa mjigo konzani kuti madzi otayika azilowa m'dzenje la miyala osati kudikha, maenje oumbira njerwa omwe ali pafupi ndi nyumba kambiranani ndi a mfumu akwiriridwe kapena atsegulidwe madzi azituluka. Zitsime zanu zitatuzo, chimene simukutungamo chikwirireni kapena chivindikireni bwinobwino ndi malata akale kaya mphasa, zomwe mukutungamo tsiku ndi tsiku lambulani udzu wa m'mbali ndipo ngati madzi saphwa chaka chonse ponyanimo timatemba kapena timakumba tating'ono, tidzadya mphutsi usana ndi usiku popanda inu kugula kanthu. A mpunga akamaphwetsa madzi m'munda masiku angapo nkudzathiranso, mphutsi zimauma zisanakhwime. Nkhani ya Bti isakhale ya munthu mmodzi, ipite kudzera kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndipo mankhwala alionse ophera tizirombo m'dziko muno amayenera kukhala ovomerezedwa ndi a Pesticides Control Board, za m'mabotolo opanda dzina zogulitsa pa tsiku la msika zisiyeni.

Ngati mtima ukufunabe kudzionera nokha za chammwamba, ine sindikuletsani, bola zichitikire m'mabeseni osati m'chitsime. Tengani mabeseni atatu, madzi ofanana a m'chitsime chomwecho, muike mphutsi 25 m'lililonse posankha zazikulu mofanana, umu ndi mmene ifenso timachitira mu labu. Loyamba musathiremo kanthu, lachiwiri supuni imodzi ya ufa wa njere, lachitatu masupuni atatu. Vindikirani ndi chidutswa cha chitenje chopyapyala mumange ndi lamba kuti wina akakhwima asauluke, osagwiritsa ntchito neti ya mankhwala chifukwa ipha yokha nkukusokonezani. Muwerenge zakufa mawa lake ndi mkuja. Beseni lopanda kanthu lija ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa mphutsi zina zimafa zokha ndi kusamutsidwa, ndipo anthu ambiri amene amalumbira kuti mankhwala awo agwira ndi oti analibe beseni loyerekezera. Mukatha khuthulirani madzi onse pa nthaka youma padzuwa. Aitaneni amayi anzanu a banki mkhonde adzaone nawo, ndi ana asukulu omwe, akangodziwa kusiyanitsa Anopheles ndi Culex ana amenewo amakupezerani malo onse oswanirana m'mudzi pa tsiku limodzi.

Tibwerere kwa mwanayo poti ndiye mwini nkhani. Udzudzu umatha kuuluka kilomita kapena kuposerapo, ndiye olo zitsime zanu zitakhala zoyera bwanji, wa ku dimba la aneba ufikabe, ndipo umaluma kwambiri anthu ali mtulo m'nyumba. Usiku uno yang'anani neti yomwe amagonamo, muitambasule padzuwa kaya pa tochi muone mabowo, sokani ngakhale kabowo kolowa chala, ndipo muone ngati akagona pamphasa netiyo imafika pansi nkupindiridwa kunsi, ana ambiri amagubuduka nkugona dzanja litatsamira neti udzudzu nkumaluma kudzera pamenepo. Yang'ananinso mpata wa pakati pa khoma ndi denga, Anopheles amalowera pamenepo kuposa pakhomo, matani ndi dothi ndi zidutswa za njerwa, mazenera muike kansalu kaya waya wa sefa mpweya uzilowabe. Thupi likatentha apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amalize masiku onse atatu kawiri patsiku ngakhale tsiku lachiwiri ayambe kusewera, amwe atadya kanthu ka mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akatero. Poti wadwala katatu, mukapitanso kuchipatala mutenge buku lake muwauze adokotala masiku enieni amene anadwala, chifukwa malungo obwerera pasanathe milungu inayi amawaona mwa njira ina kusiyana ndi olumidwa mwatsopano, ndipo muwapemphe amuyeze ngati magazi sanachepe, inunso panokha mutha kuona m'zikhatho ndi mkati mwa zikope ngati mwatuwa. Mukachita za mabeseni zija mundilembere manambala atatuwo ndi mtundu wa mphutsi zomwe mwapeza m'zitsimemo, tidzaone limodzi chitsime choyamba kukwirira.